Amalume Namakhwa ndi Kalata ya a Esinati

Loweruka lapitali tinamanga chiliza pamanda a amalume, a Namakhwa. Chatha chaka chiwaikireni m'manda. Anthu anabwera ndithu, a kwa Malemia konkuno, ena a ku Naisi, ndipo ana awo awiri anachokera ku Blantyre. Koma aliyense akangokhala pansi ankaponya maso kunjira yochokera kutsidya kwa mtsinje. Ankafuna kuona ngati a Yosefe abwere. Sanabwere, monganso pamaliro sanabwere, ndipo palibe amene anatchula dzina lawo mpaka tinabalalika.

Amalume anali mlongo wa mayi anga. Akazi awo atamwalira, anasudzulidwa kuchikamwini n'kubwerera kwathu, ndipo tinawamangira kanyumba pafupi ndi yanga. Katundu wawo anabwera pa njinga ziwiri. Zovala zinakwana m'chikwama chimodzi. Zina zonsezo zinali zitini za mabisiketi zomangidwa ndi mphira, ndipo m'zitinimo munali masitampu ndi maenvulopu akale.

Sitampu sankaigwira ndi zala. Ankayamba asamba m'manja ndi sopo, kenako n'kuitola ndi kachitsulo kopanira. Dzinja likafika, chinyontho chikamatsika kuchokera kuphiri, ankamanga mpunga wouma m'tinsanza n'kuika m'chitini chilichonse kuti mapepala asachite nkhungu. Chimene ankachikonda kwenikweni sichinali chithunzi cha pasitampu ayi, koma chidindo, kachizindikiro kozungulira kamene apositi amadinda, kosonyeza malo ndi tsiku. Ankati munthu amanama, mboni imagulidwa, koma chidindo chimanena za tsiku lake basi. Ankatinso chinthu chimene sichinalembedwe penapake chili ngati mvula yogwa pamchenga.

Sanali munthu wophweka kukhala naye. Tsiku lina mayi anga anatola envulopu pakhonde pawo n'kukolezera moto. Anthu awiriwo, obadwa bere limodzi, sanalankhulane kuyambira nthawi yowokera mpunga mpaka yokolola. Uthenga unkadzera kwa ine: kawauze amalume ako chakuti, kawauze mayi ako chakuti, chonsecho makomo akuyang'anana. Pamaliro, wonena mbiri ya womwalira akalakwitsa chaka, amalume ankatsokomola kawiri, ndipo wolankhulayo ankadziwa kuti waphonya. Anali mkulu wa mpingo kwa zaka zambiri. Munthu wokhala ndi mlandu kumpingo ankapemphera kuti tsikulo a Namakhwa adwale, chifukwa ankafunsa kuti linali liti, nthawi yanji, analipo ndani, mpaka bodza lonse litasosoka. Komanso ndi omwewo amene anandiimirira pamene achibale a malemu amuna anga ankafuna kundilanda dimba. Anakhala padzuwa tsiku lonse, osamwa ngakhale madzi, mpaka nkhani inatha.

Amene anawaona chaka chawo chomaliza chokha sangakhulupirire zimenezi. Iwo anaona nkhalamba yokhala pabenchi lakumbuyo m'tchalitchi, yotuluka nyimbo yomaliza isanathe, yosatsokomolanso pamaliro. Chimene chinawasintha chinalowera mufoni.

Foniyo anawagulira mwana wawo wamkulu kuti azionana akamalankhula. Iwo anapezamo zina. Anapeza kaundula wa pa intaneti, mmene anthu osunga masitampu a m'mayiko osiyanasiyana amalembamo sitampu iliyonse ndi chidindo chilichonse, n'kuikapo chithunzi chake. Kaundulayo alibe mwini mmodzi. Aliyense atha kulembamo, ndipo wina atha kukonza kapena kufufuta zimene mnzake walemba. Kwathu netiweki imagwira bwino pachulu cha kuseri kwa khola la mbuzi, ndiye m'mawa uliwonse amalume ankakwera pachulupo ndi kampando kawo, magalasi ali pamphuno, n'kumalemba ndi chala chimodzi Chingelezi chawo chakale chija. Ankakonza mayina a malo amene azungu anawalemba mokhota. Ankabwera kudzadya akung'ung'udza kuti anthu osadziwa kumene kuli Domasi akufuna kuphunzitsa eni ake kalembedwe.

Kenako analembamo za positi yawo.

Ali mnyamata, asanakwatire, amalume ankagulitsa m'golosale ya m'mphepete mwa msewu. Pambali pa golosaleyo panali kawindo kamene kankagwira ntchito ngati positi yaing'ono. Makalata ankabwera m'thumba kawiri pasabata, iwo n'kuwadinda kumbuyo ndi chidindo chokhala ndi dzina la mudzi wathu. Anthu osadziwa kuwerenga ankawawerengera pomwepo, n'kuwalemberanso mayankho. Positiyo sinakhalitse. Inatsekedwa patangopita madzinja awiri, chidindo chinabwezedwa, golosale inagwa, ndipo pamalopo lero pali chigayo.

Analemba zonsezi Lolemba. Pofika Lachiwiri zinali zitafufutidwa. Wofufutayo anangosiya mawu ochepa: palibe umboni. Munthu ameneyu sitinamudziwe dzina lenileni, kaya anali mwamuna kaya mkazi, kaya wa dziko liti. Amalume anamupatsa dzina loti a Fufutani.

Analembanso. A Fufutani anafufutanso. Amalume anayankha kuti chidindocho anachigwira ndi dzanja lawo lomwe akulemberali. Yankho linabwera loti mawu a munthu si umboni, pakufunika chithunzi. Tsiku limenelo ndiwo zinabwerera m'mbale momwemo.

"Akuti positi yanga kunalibe," anandiuza. "Ine amene ndinkadzukira kukadikira thumba. Akuti kunalibe."

"Asiyeni, amalume. Ife tikudziwa."

"Inu mudzafa," anatero.

Patapita masiku anaika chithunzi cha kumbuyo kwa envulopu ina. Chidindo chinkaoneka bwinobwino, dzina la mudzi wathu ndi tsiku. Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Koma a Fufutani anati chidindo chokha aliyense atha kusema. Lamulo la kaundulayo linkafuna mbali zonse ziwiri, kuti paoneke sitampu, kumene kalata inachokera ndi kumene inkapita.

Apa ndi pamene amalume anayamba kundiopsa. Anasiya kukwera pachulu. Ndinkawapeza atakhala pakhonde, kachitini kakang'ono kali pamiyendo, katsekedwe. Kachitini kameneko ndinali ndisanakaonepo. Ndikayandikira ankakaphimba ndi chipewa. Tsiku lina ndinatopa nazo.

"Amalume, si mungojambula kutsogoloko? Chavuta n'chiyani?"

"Iwe, zako ndi zamphika!" anandikalipira. Chibadwire anali asanandizaziripo choncho.

Zinatenga pafupifupi mwezi. Ndikuganiza kuti masiku onsewo anthu awiri ankalimbana mwa iwo, wina wofuna kubisa, wina wosalola kutchedwa wabodza. Anapambana ndi wachiwiriyo. M'mawa wina anakwera pachulu n'kuika chithunzi cha kutsogolo kwa envulopu ija, ndipo pofika masana a Fufutani anavomereza. Dzina la mudzi wathu linalowa m'kaundula. Amalume sanasangalale. Anatsika pachulupo ngati munthu wochokera kokumba manda.

Mphunzitsi wina wa kwathu, amene ankadziwa za mkanganowo, anatenga chithunzicho n'kuchiponya pagulu la pafoni la anthu a dera lathu, monyadira: taonani, kwathu kuno kunali positi. Anthu anayamikira. Kenako wina anachikuza chithunzicho n'kufunsa kuti, kodi dzina lili pa envulopuli si la a Esinati a kutsidya? Wina anawonjeza kuti sitampuyo ndi ya ku Joni. Wachitatu anati, nanga bwanji envulopuyo ikuoneka yosatsegula?

A Esinati amawadziwa aliyense. Amuna awo, a Wedisoni, anapita kumigodi ku Joni, kuwasiya ndi khanda kumsana. Poyamba makalata ankabwera, kenako anangoti zii. A Wedisoni sanabwererenso. Ife tinakula tikumva dzina lawo ngati chitsanzo cha mtchona wopanda mtima, wotaya mkazi ndi mwana chifukwa cha magetsi a m'tauni. A Esinati sanakwatiwenso. Khanda lija ndi a Yosefe, mmisiri wa matabwa, amene lero ali ndi imvi ndi zidzukulu.

M'mawa mwake ndinkayanika mpunga pabwalo pamene a Yosefe anafika. Njinga sanaitsamiritse, anangoisiya igwe. Odi sananene. Anapita molunjika pakhonde pamene amalume anakhala, n'kuwatambasulira foni kumaso.

"Bambo Namakhwa, dzina ili n'la ndani?"

"N'la mayi anu."

"Kalatayo ili kuti?"

"Ili m'nyumba."

"Chifikireni?"

"Chifikireni."

Anthu anali atayamba kusonkhana kumpanda. A Yosefe ankapuma ngati akwera phiri. Ndinaona mitsempha ya m'khosi mwawo itatupa, ndipo ndinasiya lichero n'kukaima pakati pawo, ngakhale sindinkadziwa chimene ndikanachita.

"Ndipatseni."

"Si yanu," anatero amalume. "Palembedwa dzina la mayi anu. Ndikapereka ndekha m'manja mwawo."

"Lero ndiye mwakumbukira malamulo a positi?"

Amalume analowa m'nyumba. Tinadikira nthawi yaitali moti ndinayamba kuopa zina, ndipo ndinali pafupi kukankha chitseko pamene anatuluka. Anali atavala jekete lawo la Mgonero ndi tayi. Kalata inali m'thumba la pachifuwa.

"Tiye undiperekeze," anandiuza.

A Yosefe anatsogola akukankha njinga, amalume pakati, ine pambuyo. Anthu m'minda ya mpunga ankaweramuka n'kutiyang'ana mpaka tidutse. Pamtsinje amalume anaterereka pamwala, buluku linanyowa mpaka m'mawondo. Ndinawapatsa dzanja, anakana. Dzanja lawo limodzi linali pathumba lija.

Tinawapeza a Esinati atakhala pamphasa akusenda nandolo. Maso awo anachita khungu zaka zingapo zapitazo, amangoona zithunzithunzi. Amalume anavula chipewa n'kugwada pafumbi, munthu amene mawondo ankamuvuta ngakhale pokwera basi.

"Ndani?" anafunsa a Esinati.

"Ndine Namakhwa, mayi. Ndabwera ndi kalata yanu."

"Ya kuti?"

"Ya ku Joni."

Manja a mayiwo anaima m'lichero. Nkhani anali ataimva kale kwa mwana wawo, koma anafuna kuti ituluke pakamwa pa mwini wake. Analandira envulopuyo, n'kuisisita mbali zonse, chala chikuyenda pamene inamatidwa.

"Munaiwerenga?"

"Ayi."

"Ndiye munaibisiranji?"

Amalume anayang'ana pansi. Nkhuku zinkatola nandolo wogwa pambali pawo.

"Ndikukufunsani, a Namakhwa."

"Ndinkafuna muwaiwale a Wedisoni. Ndinkakufunani."

"Zimenezo ndinakuyankhani kalekale, pachitsime."

"Munandiyankha. Koma pamene munkandikana, kalata inali itagona kale kwa ine sabata zitatu. Ndinati ndipereka mawa. Mawa lake ndinaopa kuti muona tsiku la pachidindo. Kenako positi inatsekedwa."

"Ndinkabwera pawindo paja Lachiwiri ndi Lachisanu."

"Munkabwera."

"Munkati palibe."

"Ndinkatero."

A Yosefe anaponya phazi kutsogolo, koma mayi awo anakweza dzanja, iwo n'kuima. Kenako a Esinati anaibweza envulopuyo kwa amalume.

"Kale munkatiwerengera ndinu. Werengani."

Munthu amene moyo wake wonse sanang'ambepo envulopu anafunafuna poyambira. Mapeto ake anaing'amba cham'mbali. Munali pepala limodzi la mizere, lolembedwa ndi pensulo. Anayamba kuwerenga ndi mawu awo a m'tchalitchi aja, koma pofika mzere wachitatu mawuwo anali atachepa.

A Wedisoni analemba ali m'chipatala. Anati mwala unawagwera pansi pamgodi, ndipo anawadula mwendo m'munsi mwa bondo. Anati sadzathanso kugwira khasu ngati mwamuna. Mawu otsatirawo ndimawakumbukira mmene analili: "Amake Yosefe, ngati mungandilandire chonchi, ndiyankheni, ndibwera. Mukakhala chete ndidziwa, ndipo sindidzakuvutitsaninso. Kodi mwanayo wayamba kuyenda?"

A Yosefe anazungulira kuseri kwa nyumba. Tinamva kulira kwa mwamuna wamkulu, kulira kosazolowera kutuluka. A Esinati sanagwetse msozi.

"Werenganinso," anatero.

Amalume anawerenganso.

"Muli ndi cholembera?"

Cholembera sichinkasowa m'jekete mwawo. Pepala anang'amba m'kabuku kawo ka m'thumba, n'kulitsamiritsa pabondo.

"Lembani. Abambo ake Yosefe, kalata yanu ndailandira lero." Anadikira mpaka cholembera chitaima. "Bwerani. Mwendo si kanthu, kulima ndakhala ndikulima ndekha." Anadikiranso. "Mwana anayamba kuyenda. Ndine Esinati. Mwalemba?"

"Ndalemba."

"Bweretsani. Envulopu yomwe."

Anapinda zonse pamodzi n'kuzilowetsa pachifuwa, mkati mwa bulauzi. Kenako anakokera lichero pafupi.

"Pitani, a Namakhwa. Musadzapondenso pakhomo pano."

Amalume analephera kudzuka okha. Ulendo uno dzanja langa analilandira.

Lamlungu lotsatira sanadikire kuitanidwa. Anaimirira pamaso pa mpingo wonse, ananena zimene anachita popanda kuchotserapo, n'kutula udindo. Ena anati achita chamuna. Ambiri anasiya kuwapatsa moni. Amene anaweruzidwapo ndi iwo anapeza pokambira, ndipo sindingawadzudzule. Inenso kwa masiku angapo chakudya ndinkangochisiya pakhomo pawo osalowa. Ndinkakumbukira mmene ifeyo tinkatukwanira a Wedisoni, munthu amene mwina anakhala pabedi la chipatala akuyang'ana khomo, kudikira yankho.

Ana awo anaimba foni kuchokera ku Blantyre kuti chithunzicho chichotsedwe, chikuchititsa manyazi banja. Amalume anakana. M'malo mwake anakweranso pachulu, ndipo pansi pa chithunzicho analemba mzere umodzi m'Chingelezi, wonena kuti kalatayi inafika kwa mwini wake patapita zaka zoposa makumi asanu, ndipo wolakwa ndi amene ankagwira positiyo. A Fufutani anaufufuta, amati kaundula ndi wa zidindo, si wa nkhani za anthu. Amalume anaubwezerapo. Anafufutanso. Anaubwezeranso. Anasiya kukonza mayina a malo, anasiya kutsegula zitini, koma mzere umenewo ankaubwezera m'mawa uliwonse ngati munthu wotseka pamene ng'ombe zaboola mpanda. Ngakhale titawagoneka m'chipatala ku Zomba, chifuwa chitawagwira, ankafuna foni ikhale pansi pa pilo. Tsiku lomaliza limene analankhula bwino anandifunsa ngati mzerewo ulipo. Ndinayang'ana. Unali utafufutidwa. Ndinawauza kuti ulipo, ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali, monga ankayang'anira anthu a milandu kumpingo. Kenako anatembenukira kukhoma.

Mawu awo achinsinsi olowera m'kaundulamo anapita nawo. Chithunzi chilipobe, dzina la mudzi wathu lilipobe, mzere uja palibe. Ndamva kuti a Yosefe anatumiza chithunzicho kwa anthu a kwathu amene ali ku Joni, kuti afunsefunse ngati pali amene anamvapo za munthu wa mwendo umodzi dzina lake Wedisoni. Mpaka pano palibe chimene chamveka. A Esinati alipo. Tsiku la maliro, nyimbo zikumveka mpaka kutsidya, akuti anauza mdzukulu wawo kuti awasunthire mphasa kuseri kwa nyumba.

Sindidziwa malo amene ndingawaike amalume mumtima mwanga. Ndimayesa kuwada, dimba lija limandiletsa. Ndimayesa kuwalira bwinobwino, ndimamva mawu a mayi aja akuti Lachiwiri ndi Lachisanu.

Kanyumba kawo kalipobe. Palibe amene wafuna kugonamo. Chitseko tinachimanga ndi waya chifukwa loko anathyoka, ndipo mbuzi zimabisala mvula pakhonde. Udzu wa padenga wayamba kutsetsereka mbali ya kuphiri. M'kati mwatsala bedi lopanda matiresi, msomali pakhoma, ndi kalendala imene inaima pa mwezi umene tinawatengera kuchipatala. Windo la kum'mawa ndi lalikulu kuposa mawindo onse a m'mudzi muno, chifukwa anakangana ndi womanga kuti alikulitse, kuwala kuzilowa kokwanira. Kuwalako kumalowabe m'mawa uliwonse n'kugwera pansi popanda kanthu. Mavu amanga chisa pafelemu, ndipo chibwabwa chochokera kudzala chakwera pakhoma n'kuyamba kusuzumira m'kati. Dzulo ndinalowamo kukafuna khasu, ndinapeza nkhuku yanga yakuda itaikira pakona. Inandiyang'ana osasuntha. Ndinatuluka n'kumanganso waya uja.